Batire la Mazira a ku Kasenengwa

1. Miyendo yosakhazikika

Sabata yonse imeneyo Hafsah sanakhazikike. Akakhala pansi, miyendo inkangovina yokha. Akagwira supuni, chala chachikulu chinkaidina ngati ili ndi mabatani. Amayi ake, a Mwanaamina, anafika pomufunsa ngati m'mimba mwalowa njoka.

Sizinali njoka ayi. Anali Jonah.

Jonah anali mnyamata wa ku Lusaka, womaliza kale sukulu, amene anabwera kudzacheza kwa amalume ake m'komboni ya Kapata. Loweruka lapitalo anagonjetsa Hafsah, mtsikana wa giredi naini, m'kashopu ka magemu ka a Clement, kuseri kwa msika. Kugonja pakokha sikukanakhala nkhani. Koma Jonah anauza mnzake kuti ajambule zonse pafoni, mpaka nkhope ya Hafsah misozi ili lengelenge, ndipo pofika Lolemba giredi naini yonse inali itaonera n'kuoneranso.

Gemu yake ana a ku Kapata ankaitcha Nkhondo ya M'nyenyezi. Wosewera aliyense amayendetsa ndege yankhondo kutali m'mlengalenga, kumene kulibe kumwamba kapena pansi, koma mdima, nyenyezi ndi miyala ikuluikulu yoyandama. Ndege iliyonse ili ndi mphamvu yochepa, ndipo woyendetsa amaigawa patatu: ku injini, ku mfuti ndi ku chishango chimene chimatchinga zipolopolo za mdani. Ukawonjezera kwina, kwina kumachepa.

Ndege yake Hafsah anaitcha Kabawi, ndipo Jonah asanabwere panalibe woigwetsa m'Kapata monse. Chinsinsi chake chinali chimodzi. Zinthu zikafika pothina, ankalanda mphamvu yonse ku chishango n'kuithira ku injini ndi ku mfuti. Kwa kanthawi ndegeyo inkakhala pambalambanda, koma inkatembenuka msanga kuposa ina iliyonse, ndipo mdani ankangozindikira wapsa kale.

"Suopa?" mnzake wa m'kalasi, Mandla, ankamufunsa.

"Niope chani? Chishango chimabwerera chokha," Hafsah ankayankha.

Ndi zoona, m'gemumo chishango chimadzadzanso chokha. Vuto ndi lakuti Hafsah mawu amenewa anawakonda mopitirira muyeso, mpaka anayamba kuwatenga ngati lamulo la dziko lonse.

Tsopano Jonah ankabwerera ku Lusaka pa basi ya Lamlungu m'mawa. Ngati Hafsah ankafuna kuchotsa manyazi, tsiku lake linali Loweruka lino basi.

2. Alendo a m'chipinda chakumbuyo

Kwawo kwa Hafsah, m'chipinda chakumbuyo, munali makina oswetsa mazira. A Mwanaamina ankagulitsa nsalu pamsika, koma anthu ankawadziwanso ndi makinawo. Munthu ankasiya mazira, n'kudzabweranso kudzatenga anapiye.

Mazira amene anali m'makina nthawi imeneyi sanali wamba. Chaka chimenecho chideru chinalowa m'mudzi wina wa ku Kasenengwa n'kusesa makola onse. Mayi ena a kumeneko, a Charity, amene aliyense ankangowatchula kuti amake Luka, anayenda khomo ndi khomo kutolera mazira amene nkhuku zinasiya. Mayi aliyense anaika chizindikiro pa mazira ake ndi khala: wina mtanda, wina kamzere, wina timadontho. Amake Luka anawakulunga m'chitenje, n'kuwamangirira pamimba, ndipo anakwera minibasi mpaka ku Chipata atawerama ngati wodwala msana, kuopa kuti wina angawagunde.

"Kumudzi kwathu tambala salira," anawauza a Mwanaamina tsiku limenelo. "Nkhuku zonse za kwathu ndi izi. Zili m'manja mwanu."

Tsopano mazirawo anali pafupi kuswa. Ukaika khutu pagalasi la makinawo, unkamva timawu tating'ono kuti tswi, tswi. Ena anali atabooka kale, timilomo tachikasu tikusuzumira pa timabowo.

Magetsi, monga mwa masiku onse nyengo imeneyo, anali atazima kuyambira mbandakucha. Makinawo ankadalira batire lalikulu lakuda, limene sola ya padenga inkalidzaza dzuwa likamawala, ndi kabokosi kotchedwa inveta, kamene kamasandutsa mphamvu ya batire kukhala ngati ya magetsi.

M'mawa wa Lowerukalo kunabwera uthenga wa maliro. Agogo ena a kumzikiti kwawo anali atamwalira, ndipo ankaikidwa tsiku lomwelo. A Mwanaamina anafunda mpango wawo mofulumira, koma asanatuluke anamuitanira Hafsah m'chipinda chakumbuyo.

"Hafsah, yang'ana kuno, osati pafoni. Lero sindikukusiyira ntchito yambiri. Mbale zikhale, zovala zikhale. Ndikukusiyira batire ili basi. Kunja kuli mphepo ya Julaye, ndipo mwanapiye amene waboola dzira ali ngati khanda longobadwa kumene, akazizidwa sadikira kuti ubwere. Usatsegule chitseko cha makina ngakhale kamodzi, chifukwa chinyezi chikatuluka kakhungu ka m'kati mwa dzira kamauma n'kumumata mwanapiye. Ukamva inveta ikulira kuti tii, tii, udziwe kuti batire latsala pang'ono. Uchotse mafoni, uzimitse chilichonse, makina okha atsale. Mazira awa si athu, mwana wanga. Akanakhala athu, atawonongeka ndikanati zachitika, tigula ena. Koma awa kulibe kokawagula. Azimayi aja anatipatsa chifukwa anamva kuti pakhomo pa Mwanaamina chinthu cha mwini sichiwonongeka. Mbiri imeneyo ndinayamba kuimanga iwe usanabadwe. Wandimva?"

"Namva, Amayi."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Konse, Amayi," anatero Hafsah, koma mwendo wake unali pakalikiliki kugwedera.

3. Jenereta yafa

Dzuwa litafika pamutu, Mandla anatulukira ali wefuwefu.

"Hafsah, zavuta! Jenereta ya a Clement yafa. Aikoka, aikoka, mpaka chingwe chaduka. Anthu adzaza, Jonah alipo, koma TV ili chabe zii."

"Manje?"

"Manje Jonah akuuza aliyense kuti wapulumuka. Akuti na jenereta yomwe yakumvera chisoni."

Hafsah anaimirira, anakhala pansi, anaimiriranso. Analowa m'nyumba n'kutulukamo osadziwa chimene amakatenga.

Mandla sanali mwana woipa, koma pakamwa pake pankathamanga kusiya mutu kumbuyo. Anasuzumira pawindo la chipinda chakumbuyo n'kuona kababu kobiriwira ka inveta kakuwala.

"Koma inu muli nayo pawa," anatero. "A Clement anena kuti atapeza batire na inveta, gemu ingayake."

"Ilo ni la mazira."

"Mazira sathawa. Gemu imodzi chabe. Si iwe umakamba kuti chishango chimabwerera?"

Hafsah analowa m'chipindamo. Makinawo anali ofunda bwino, ndipo timawu tija tinkamveka. Anatenga bulangeti la pabedi pake n'kuwafunditsa. Kenako anagwada, anazimitsa inveta, n'kumasula mawaya. Kafani ka m'makina kanazungulira pang'onopang'ono mpaka kanaima.

"Tipita na kubwera," anatero, ngati akuuza mazirawo.

Batire limenelo silinali loti ana awiri n'kufika nalo kumsika pamanja. Pamphambano, pansi pa mtengo wa mango, panali a Whiteson, bambo achikulire onyamula anthu ndi katundu panjinga, amene ankamudziwa Hafsah kuyambira ali kumsana. Hafsah anawakodola.

"Bambo Whiteson, tiperekezeniko kwa a Clement. Amayi anena tikalitchajitse."

A Whiteson analiyang'ana batirelo, n'kuyang'ananso inveta ndi mawaya amene anali lendelende m'manja mwa Mandla. Anatsika panjinga mosafulumira.

"Kukatchajitsa? Kapata yonse ilibe magetsi, ndipo jenereta ya Clement ndaimva ndekha ikutsokomola mpaka kufa. Ukafuna kunama, mwanawe, uziyamba wafunsa ife apanjinga, chifukwa za m'komboni muno timazidziwa zonse. Tamvera. Mayi aja a ku Kasenengwa ndinawanyamula ndine kuchokera pa siteshoni. Njira yonse ankangondipempha kuti, 'Bambo, pang'onopang'ono pa maenje.' Pa chitunda anatsika n'kuyenda pansi, dzanja lili pamimba ngati ndi oyembekezera. Ine panjinga iyi ndanyamulapo simenti, mbuzi, ngakhale bokosi la maliro, koma katundu wondichititsa mantha ngati ameneyo sindinanyamulepo. Ndiye lero undikweze katundu woti ndikaphe zimene ndinabweretsa ndekha? Iyayi. Masewera sindidana nawo. Inenso ndinali katswiri wa nsolo, ndipo ndikudziwa mmene mtima umayabwira ukagonja pagulu. Koma anzakowo sabata yamawa adzapeza china choseka, za iwe adzaiwala. Mayi aja sadzaiwala. Bweza batire, mwanawe. Njinga yanga sinyamula limeneli."

Hafsah anayang'ana pansi. Akanabwerera pamenepo, nkhani ino ikanakhala yaifupi ndi yokoma. Koma foni ya Mandla inalira. Unali uthenga wochokera kwa Jonah, chithunzi cha nkhuku yonyowa ndi mvula, pansi pake atalembapo dzina la Hafsah.

"Katenge wilibala kwanu," Hafsah anauza Mandla.

A Whiteson anapukusa mutu, n'kubwerera pansi pa mango.

4. Kabawi m'mlengalenga

Kashopu ka a Clement kanali katadzaza mpaka pakhomo, m'kati muli fungo la thukuta ndi la zitumbuwa. Anyamata ataona wilibala anaimba malikhweru. A Clement sanafunse kumene batire lachokera, paja munthu wamalonda akaona makasitomala akubwerera sakhala ndi mafunso ambiri. Analumikiza ma TV awiri akuluakulu, makina a gemu, n'kuwonjezeranso sipika yawo yaikulu ngati kabati. Hafsah anaziona zonsezo zikuyamwa pa batire limodzi.

"Aa, Kabawi wabwera na wilibala!" anafuula Jonah. "Ndiye ambulansi yako iyo?"

Anthu anaseka chikhakhali. Hafsah anangokonza mpango wake, n'kukhala pabenchi, n'kugwira padi, kachida ka mabatani koyendetsera ndege.

Anagwirizana kuti woyamba kupambana katatu ndiye katswiri. Gemu imodzi ija ya Mandla inali itabereka kale ana.

Ulendo woyamba sunachedwe. Ndege yofiira ya Jonah inabisala kumene kuli dzuwa, kumene kuwala kumatseka maso, n'kutsika ngati mwala. Hafsah asanaione n'komwe, Kabawi inali itaphulika. Sipika ya a Clement inagwedeza malata.

Koma Hafsah anali ndi maso. Anaona kuti Jonah akawombera amakhotera kumanzere, nthawi zonse kumanzere. Ulendo wachiwiri sanamuthamangitse ayi. Analowa pakati pa miyala, n'kumudikirira kumanzereko. Jonah anadzibweretsa yekha pakamwa pa mfuti.

"Mwayi chabe!" anatero Jonah, akupukuta manja pathalauza.

Ulendo wachitatu unatalika. Ndege ziwirizo zinazungulirana, iliyonse ikufuna kukhala kumbuyo kwa inzake, chifukwa m'gemu imeneyi amene wakukhalira kumchira ndiye wakupha. Hafsah anapambananso. Wachinayi anatenga Jonah, ndipo atsikana awiri ogulitsa mandasi amene anaima pakhomo anadandaula ngati wagonja ndi m'bale wawo.

Nthawi m'kashopu mmenemo inkayenda mozemba. Windo linali lotchingidwa ndi katoni kuti TV ioneke bwino, choncho panalibe amene ankaona kumene dzuwa lafika. Hafsah anadzidzimuka atamva kumzikiti akuitanira swala ya chakumadzulo. Anayang'ana wilibala pakhomo, anayang'ananso TV, n'kudina batani loyambira ulendo womaliza.

Onse awiri tsopano ankaopana. Jonah anasiya kukhotera kumanzere. Hafsah anasiya kubisala m'miyala. Ankaponyerana zipolopolo patali, wina akayandikira wina n'kuthawa, anthu akungoti "Eee! Eee!" ngati ali ku mpira.

Pamenepo m'pamene pansi pa tebulo panamveka kulira.

Tii. Tii. Tii.

"Ni chani icho?" anafunsa Mandla.

"Batire latsala pang'ono," anayankha a Clement. "Malizani msanga, ana inu."

Hafsah kulira kumeneko ankakudziwa, ndipo ankadziwanso chimene anauzidwa kuti achite akakumva. Zala zake zinaima pa padi. Anayamba kudzuka pabenchi.

"Ukafuna kuthawa, thawa," anatero Jonah osachotsa maso pa TV. "Nizakauza anzanga ku Lusaka kuti ku Chipata akagonja amanamizira batire."

Apa palibe amene anamukakamiza Hafsah, ndipo tisamunamizire Mandla kapena a Clement. Benchi linali lake, miyendo inali yake. Anakhalanso pansi.

Anayendetsa Kabawi mokhotakhota ngati yavulala, kulunjika ku mwala waukulu kuposa yonse. Jonah anakopeka. Ndege yofiira inamukhalira kumchira, ikulavula moto, ndipo chishango cha Kabawi chinayamba kung'ambika. Mwala unkakula pa TV. Atsikana a mandasi anaphimba kumaso.

Tii. Tii. Tii.

Hafsah analanda mphamvu yonse ku chishango. Anaithira ku injini, n'kukhota pafupi ndi mwalawo mpaka phiko linatsala pang'ono kukhula. Kenako anazimitsa injini mwadzidzidzi. Jonah, ndi liwiro lake lonse, anadutsa pamwamba pake ngati minibasi yopitirira siteji. Hafsah anathira zonse ku mfuti.

Ndege yofiira inasanduka moto.

M'kashopumo munali ngati mwagwa denga. Anyamata analumpha, a Clement anamenya tebulo, Mandla anakumbatira munthu wosamudziwa. Jonah anangoti kakasi, padi ili m'manja, ndipo mafoni onse tsopano analoza kwa iye. Hafsah anaseka ndi mtima wonse, chifukwa kukoma kwake kunalidi kwakukulu, tisabise.

Ali mkati moseka, inveta inalira kamodzi motalika. Ma TV onse awiri anachita mdima.

5. Bulangeti lozizira

Atatuluka panja anapeza dzuwa litatsamira kale pa mapiri, mphepo ikuulutsa mapepala m'misewu. Hafsah anakankha wilibala liwiro la mtondo wadooka, Mandla akuthamanga pambali atagwirizira batire kuti lisagwe. Pamphambano, pansi pa mango, njinga ya a Whiteson panalibe.

Kunyumba, Hafsah anagwada n'kulumikiza mawaya mofulumira. Anadina batani la inveta. Kababu kanawala mofiira, kanaphethira, n'kuzima. Anadinanso. Anamasula mawaya n'kuwamanganso. Anathamangira panja kukayang'ana sola, koma denga lonse linali kale mumthunzi.

"Lizabwerera," anatero Mandla ndi mawu ang'onoang'ono.

"Na dzuwa liti?" anakuwa Hafsah. "Ili si gemu, Mandla!"

Mandla anakumbukira mwadzidzidzi kuti wilibala ikufunidwa kwawo. Anachoka osatsanzika.

Hafsah anachotsa bulangeti pa makina. Linali lozizira ngati lochokera pa chingwe. Anaika khutu pagalasi n'kugwira mpweya. Panja galu ankauwa, ana ankasewera mpira, wina ankasinja. M'makinamo munali zii.

Mantha anamulanda nzeru, ndipo anachitanso china chimene anauzidwa kuti asachite. Anatsegula chitseko, n'kutenga dzira limodzi lokhala ndi mtanda wa khala. Kamlomo kachikasu kanali pabowo pomwe paja. Anakakhudza ndi chala. Sikanasunthe.

"Odi kuno!"

Mawuwo anali achimwemwe, ndipo sanali a amayi ake. Pachipata panaima njinga ya a Whiteson, ndipo amake Luka ankatsika atanyamula dengu lalikulu pamutu.

"Ine tulo sindinatipeze, mwana wanga," anatero akulowa. "Ndinayenera kubwera mawa, koma azimayi anzanga andikankha, akuti pitani mukagone konko, mukawaone akutuluka. Ona, m'dengumu ndayala udzu wofewa, ndipo amake Faith aikamo gaga wosefa bwino. Amayi ako ali kuti?"

Hafsah anangoima pakhomo la chipinda chakumbuyo, dzira lili m'manja. A Whiteson anayang'ana kumbali. Panjira yonse sanawauze kanthu amake Luka, mwina poganiza kuti mwanayo anawamvera mochedwa n'kubweza batire.

Amake Luka anaona chitseko cha makina chili pululu. Anaona bulangeti pansi, batire lili ndi fumbi la mumsewu. Kumwetulira kwawo kunatha pang'onopang'ono. Anatula dengu.

6. Dengu la amake Luka

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamupweteka Hafsah kuposa ndodo. Anangogwada patsogolo pa makinawo, n'kumasula chitenje cha m'chiuno. Ankatenga dzira limodzilimodzi, kuliuzira mpweya, kulifumbata, n'kuliika pakhutu. Ena ankawalowetsa m'malaya, pamimba, mmene anawabweretsera. Ena, makamaka obooka aja amene timilomo tawo tinali titauma, ankawagoneka m'dengu, pa udzu umene anayalira anapiye amoyo.

"Bambo Whiteson," anatero osatembenuka, "tapemphani makala amoto kwa aneba, titenthetse madzi tithire m'mabotolo. Awa ali pamimba panga mwina angadzuke. Sindidziwa. Tiona kukacha."

A Whiteson anatuluka msanga. Dengu linapitirira kudzaza.

"Batire linapita kuti?" anafunsa amake Luka.

Hafsah anawauza zonse, za Jonah, za wilibala, za kulira kwa inveta. Mawu ankatuluka moduka chifukwa cha misozi.

"Ndiye unapambana?"

"Inde."

"Chabwino, poti chinachake chapezeka lero." Anatenga dzira lina m'dengu n'kumuonetsa. "Wauona mtanda uwu? Awa ndi a amake Yosefe. Nkhuku yawo inafera pamazira pomwepo, ndipo iwo anawachotsa ali ofunda. A timadonthowa ndi a agogo ena amene sayendanso. Anandipatsa atatu okha, n'kunena kuti, 'Charity, ndisafe ndisanamvenso tambala pakhomo panga.' Kwathu nkhuku si ndiwo chabe, mwana wanga. Mlendo akabwera timamulandira ndi nkhuku. Mwana akadwala timagwira nkhuku kuti afike kuchipatala. Munthu akalakwira mnzake amapepesa ndi nkhuku. Chideru chitatilanda, sitinakwiyire munthu, chifukwa matenda alibe makutu. Koma iwe makutu uli nawo. Amayi ako anakuuza, ndikudziwa, chifukwa mayi amene uja sasiya chinthu osafotokoza. Ine sindikumenya, si ine ndinakubala. Komanso sindikakunamira kwathu. Sindikanena kuti magetsi, sindikanena kuti makina. Mawa ukwera nane minibasi. Dengu ili unyamula ndiwe kuchokera pa siteji mpaka kumudzi, ndipo khomo lililonse limene ndinatengako mazira ukagogoda wekha. Ukawabwezera eni ake, aliyense a chizindikiro chake, n'kuwafotokozera za ndege yakoyo."

Ananyamula dengulo n'kuliika m'manja mwa Hafsah. Silinali lolemera ngati batire, koma analifungatira ndi manja onse awiri.

M'thumba mwake foni inayamba kunjenjemera. Inanjenjemeranso, n'kunjenjemeranso. Kanema wa Jonah ali kakasi anali atafika kale m'mafoni a giredi naini yonse, ndipo aliyense ankafuna kumuyamikira Kabawi. Hafsah analibe dzanja loitulutsira.

Chipata chinalira. Panamveka mapazi odziwika, kenako mawu a a Mwanaamina, otopa ndi maliro koma okondwa poona njinga ya a Whiteson pakhomo.

"Salamu aleikum! Kodi alendo afika kale? Hafsah! Anapiye ayamba kutuluka?"

Hafsah anayang'ana amake Luka, maso akupempha. Amake Luka anakonza chitenje pamimba pawo, manja onse awiri atafungatira mazira otsalawo.

"Usayang'ane ine," anatero motsitsa mawu. "Akufunsa iwe."